Kabokosi kosakoka ngakhale singano

Nyengo ya misika ikafika kuno ku Chadiza, ndalama za soya ndi nshawa zikangoyamba kulowa m'matumba, timadziwa kale alendo amene atipeze. Amabwera a salaula, a mapoto, a malata ndi a njinga. Zaka zino paonjezeka ena: anyamata obvala makhoti oyera, onyamula laputopu ndi kabokosi kooneka ngati siliva. Amabwereka kalasi pasukulu kapena khonde la sitolo, nayamba kulengeza kuti abweretsa makina opima thupi lonse. Munthu umapereka K50, umachula zaka zako, msinkhu ndi kulemera kwako, kenaka umafumbata kacitsulo kolumikizidwa ndi waya. Mphindi imodzi isanathe, kompyuta yalemba kale masamba ambirimbiri okamba za ciwindi, impso, mtima, mafupa, maso ndi ubongo. Pamapeto pake amatsegula cikwama ca mabotolo, ndipo botolo lililonse ndi la ndalama zoposa thumba la soya.

Pakabokosipo pamakhala mau a Cingerezi akuti quantum resonance magnetic analyser. Ogulitsawo amauza anthu kuti ndi mng'ono wake wa MRI, makina aja a ku Lusaka amene amajambula m'kati mwa mutu. Ili ndi bodza, ndipo ndi bodza lopha anthu.

Azakhali a mmodzi wa ife, amai a zaka za m'ma 60, anali kumwa mankhwala a BP ocokera kukiliniki kwa zaka zinai popanda bvuto. Atafumbata kacitsulo kaja anauzidwa kuti impso zawo zayamba kuola cifukwa ca mapilitsi a boma. Anagulitsa matumba a soya, nagula mabotolo anai, nasiya mapilitsi. Patapita miyezi iwiri anagwa pakhomo akusesa. Anawanyamula pangolo kupita nawo kukiliniki, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litafa. Lero amayenda ndi ndodo ndipo mdzukulu ndiye amawamangira citenje. Mnyamata wa khoti loyera uja anapita kale ku msika wina, ndipo nambala imene anasiya siyankhidwa.

Tisanaloze ena cala, tiyambe ndi ife eni. Ena a ife timagwira nchito yodzipereka panyumba za wailesi za m'madera. Uthenga wa anthu amenewa tinauwerengapo pamphepo, ndi mau athu, m'Cinyanja cathu, cifukwa anali atalipira ndipo jenereta inali kufuna mafuta. Agogo akumudzi sanakhulupirire kabokosi poyamba. Anakhulupirira mau a mwana amene amamudziwa, amene amalengezanso maliro ndi tsiku la sikelo ya ana. Mlandu umenewo ndi wathu. Njira imodzi yoyamba kuulipira ndiyo kufotokoza momveka m'mene makina enieni amagwirira nchito, kuti munthu aliyense athe kusiyanitsa yekha.

Cinthu ceniceni cimachedwa NMR, ndipo MRI ndi mwana wake. Nkhani yake ndi ya maginito ndi mafunde a wailesi. Madzi ndi mafuta ali ndi tizinthu ting'onoting'ono tochedwa haidrojeni, ndipo pakatikati pa kalikonse pali kanthu kamene kamacita ngati singano ya kampasi. Mukaika cinthu cokhala ndi madzi m'maginito yamphamvu, tisinganoto timayamba kutsamira mbali imodzi. Kenaka makina amatumiza funde lalifupi la wailesi limene limatigwedeza. Funde likazima, timabwerera m'malo mwake, ndipo pobwererapo timatulutsa kafunde kofooka kamene koilo ya waya imakatola, monga m'mene eriyo imatolera siteshoni. Felix Bloch ndi Edward Purcell, aliyense ndi gulu lake ku America, anaonetsa zimenezi mu 1946 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1952. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield, amene anapeza njira yosandutsa tifundeti kukhala cithunzi, analandira yawo mu 2003.

Ife a wailesi mbali iyi timaimva msanga. Haidrojeni ali ndi siteshoni yake, ndipo nambala yake imatsatira mphamvu ya maginito. Mphamvuyo imayezedwa ndi muyezo wochedwa tesla, ndipo tesla imodzi imapereka pafupifupi 42.6 MHz. MRI yaikulu ya 1.5 tesla imamvera pafupi ndi 64 MHz, pansi pang'ono pa masiteshoni a FM amene amayambira pa 87.5. Makina ang'onoang'ono a 0.064 tesla amamvera pafupi ndi 2.7 MHz, kufupi ndi kumene makolo athu anali kusakira masiteshoni a shotiwevu usiku. Mukaphonya nambala simumva kanthu. Mukacotsa maginito yeniyeni, siteshoniyo imangotsala kanong'onong'o kocokera ku maginito ya dziko lapansi, kamene palibe kacitsulo ka m'manja kangakatole.

Nanga kafunde kofookako kamanena ciani? Ganizirani rimu ya galimoto imene imalendewera pamtengo pasukulu m'malo mwa belu. Mukaimenya ili lende, imalira nthawi yaitali mpaka kumidzi. Mukaigwira ndi dzanja n'kuimenya, imangoti gu, basi. Haidrojeni amacitanso cimodzimodzi. Wa m'madzi oyenda momasuka amalira kwa masekondi. Wa m'madzi omatirira ku cinthu colimba amazima m'kanthawi kocepa kwambiri kosakwana kuphethira. Conco poyeza kutalika kwa kulirako, makina amadziwa ngati tizinthuto tikuyenda momasuka kapena tapanikizika. Erwin Hahn mu 1950 anapeza njira yobwezera kulirako ngati mau obwerera kuphiri, ndipo mu 1965 Stejskal ndi Tanner anaonetsa m'mene mungayezere mtunda umene tizinthu ta madzi tayenda tokha m'kanthawi kocepa.

Kuyenda kwa madzi kumeneku ndiko kumaulula matenda. Mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka, monga zimacitikira pa sitiroko, maselo a pamalopo amatupa ndipo madzi amalephera kuyendayenda monga kale. MRI imaona kupanikizikako pasanapite nthawi yaitali. Nzeru yomweyi imagwiranso nchito kutali ndi cipatala. Mafakitale oyenga mafuta amagwiritsa nchito timakina ta NMR ta patebulo poyeza mafuta ndi cinyezi m'mbeu monga mpendadzuwa, soya ndi nshawa, popanda kuzipera, cifukwa mafuta amalira nthawi yaitali kuposa madzi a m'mbeu youma. Ku Aachen m'dziko la Germany, Bernhard Blümich ndi anzake anapanga kamakina konyamulika kochedwa NMR-MOUSE ca m'ma 1996. Kameneko amakagunditsa pa tayala, pa khoma kapena pa khungu. Koma taonani: ngakhale kamakina keniceni kameneko kamangomva zimene zili pafupi nako, mamilimita ocepa kulowa m'kati, kakacita bwino masentimita awiri ndi theka. Akatswiri amene anathera moyo wawo pa nchitoyi sangaone impso pogunditsa makina padzanja. Mnyamata wa laputopu akuti iye angathe ndi kacitsulo ka waya.

Pa cifukwa cimeneci tikupempha aliyense amene adzaone kabokosi kameneka ayese zinthu zitatu, mwaulemu, anthu akuona. Coyamba, tengani singano yosokera kapena kiyi wa loko, muike pafupi ndi kabokosiko. Maginito ya makina enieni imakoka zitsulo mwamphamvu, ndiye cifukwa cake kucipatala amakubvulitsani ndolo, lamba ndi foni musanayandikire. Ngati kabokosi sikakoka singano, mau akuti magnetic alembedwapo kuti atani? Caciwiri, pimitsani kawiri, ulendo waciwiri muchule zaka zina, muone ngati impso zanu sizisintha. Cacitatu, pemphani kuti kacitsuloko akakulunge m'kansalu konyowa m'malo mwa dzanja la munthu. Mmodzi wa ife anayesa zimenezi pamsika, ndipo kansalu kanapezeka ndi bvuto la ciwindi ndi kucepa kwa kashiamu. Anthu anaseka, mwini makina anakwiya, koma mzere wa odikira sunathe. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma wanjala amadyabe.

Mzere umenewo tiuganizire bwino. Anthu athu si opusa. Amaima pamenepo cifukwa akufuna cinthu coyenera kufunidwa: kuti wina ayang'ane m'kati mwa thupi lawo n'kuwauza cimene cikuwawa. M'boma lathu, la anthu oposa 100,000, mulibe MRI. Kwa zaka zambiri wodwala wa kuno wofuna cithunzi cotere anali kuyenera kufika ku Chipata, kucokera kumeneko n'kuyenda makilomita oposa 550 pa Great East Road mpaka ku Lusaka, kukagona kwa acibale ku Kalingalinga kapena ku Mtendere akudikira tsiku lake. Mlimi wa ku Tafelansoni kapena ku Zemba amawerengera basi, cakudya, ndi munda umene ausiye, n'kuona kuti K50 ya pamsika ndi yopepuka. Onyengawo amakolola m'munda umene ena anausiya osalima.

Tikafunsa za MRI timayankhidwa kuti ndi makina a m'mizinda ikuluikulu, ndipo kunena za makina aakulu yankholi ndi loona. MRI ya 1.5 tesla imalemera matani angapo. Maginito yake imaziziritsidwa ndi heliyamu wamadzi, wozizira kufika pa madigiri 269 pansi pa ziro. Imafuna cipinda cocingidwa ndi kopa kuti mafunde a kunja asalowe, ndiponso magetsi osazima usana ndi usiku. Tonse tikukumbukira 2024, pamene cilala cinaphwetsa Kariba, a Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko, ndipo kumapeto kwa cakaco magetsi anali kuzima maola ofika 21 pa tsiku. Makina otere sangakhale ku Chadiza, ndipo ife sitikuwapempha.

Cimene tikukana ndi cakuti nkhani ithere pamenepo, ngati kuti MRI ndi ya mtundu umodzi. Mu 2020 bungwe la FDA ku America linabvomereza makina ochedwa Swoop, opangidwa ndi kampani ya Hyperfine. Mphamvu yake ndi 0.064 tesla. Maginito yake ndi yokhalitsa, yosafuna heliyamu. Amalemera makilogalamu pafupifupi 630, ali pamatayala, amalowa pakhomo la wodi, amalumikizidwa pa soketi wamba ya pakhoma ndipo amayendetsedwa ndi iPad. Magetsi amene amadya saposa a ketulo yowiritsira madzi. Wodwala sacoka pabedi. Amangolowetsa mutu wake m'makinawo, mai wa mwana atakhala pambali n'kumugwira dzanja.

Izi sizikucitikira ku America kokha. Ku Blantyre, pa Queen Elizabeth Central Hospital, madokotala anaika makina amenewa ndipo mu 2022 analemba lipoti la m'mene anagwirira nchito m'malo a fumbi, kutentha ndi magetsi ozimazima ngati kwathu kuno. Cipatala comweco cinali citaonetsa kale kuti maginito yofooka ingayankhe funso lalikulu. Kuyambira 2008 cinali ndi MRI ya 0.35 tesla, ndipo Terrie Taylor, Karl Seydel ndi anzawo anaigwiritsa nchito kujambula ana odwala malungo a mu ubongo. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Pa ana 168, ana 25 anamwalira. Pa omwalirawo, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene pa ana 143 amene anacira, otupa motero anali 39. Kwa nthawi yaitali madokotala anali kukangana za cimene cimapha ana amenewa. Zithunzi zinaonetsa kuti ubongo umatupa mpaka kupanikiza malo amene amalamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Ana amenewo amalira m'cinenero cathu. Udzudzu umene unawaluma ndi womwewu wa m'madambo a Nsadzu. Mai aliyense wa kuno amene anathamangapo usiku ndi mwana wokomoka kumsana akudziwa matenda amene tikunena.

Ku Uganda anapita patsogolo. Pa yunivesite ya Mbarara, Johnes Obungoloch ndi ophunzira ake, pamodzi ndi gulu la Andrew Webb la ku Leiden m'dziko la Netherlands, anamanga okha MRI ya mphamvu yocepa pamalo pomwepo mu 2022, polumikiza timaginito tambirimbiri m'mikombero. Colinga cawo cinali ana odzala madzi m'mutu. Amene wamanga yekha makina amadziwanso kuwakonza akaonongeka. Tili ndi University of Zambia, tili ndi Copperbelt University, tili ndi Evelyn Hone College imene yakhala ikuphunzitsa ojambula odwala kwa zaka zambiri. Kodi ana athu a ku Chadiza amene anapita kumeneko ali ndi mitu yosiyana ndi ya ana a ku Mbarara?

Alipo amene angatitsutse, ndipo ena a iwo ndi anamwino ndi makiliniko ofesa amene timawalemekeza. Akuti cithunzi ca makina ofooka sicioneka bwino ngati ca makina aakulu. N'zoona. Cotupa cacing'ono cingabisale, kujambula kumatenga nthawi yaitali, ndipo Swoop imajambula mutu wokha. Akutinso cithunzi sicicilitsa: mwana wa malungo amafuna neti, kupimidwa magazi msanga, Coartem, jekeseni wa artesunate akafooka, magazi oonjezera, ndi ambulansi yokhala ndi mafuta. Izinso n'zoona, ndipo tsiku limene tidzauzidwa kusankha pakati pa mankhwala a malungo ndi makina, tidzasankha mankhwala osacedwa. Koma si odwala onse amene ali ndi malungo. Mnyamata wagwa pa njinga yamoto mumseu wa ku Chanida, wamenya mutu, akusanza. Agogo adzuka mbali imodzi itafa. Khanda mutu ukukula kuposa thupi. Wogwira nchito kucipatala ca boma laling'ono ayenera kusankha: kumusunga, kapena kumutumiza ndi ambulansi imodzi yomweyo imene mwina ifunidwe ndi mai wobereka usiku womwewo. Funso lake nthawi zambiri ndi lalifupi. Kodi m'mutu muli magazi oculuka, madzi oculuka, kapena kutupa? Cithunzi ca cimbuuzi cimene cingayankhe funso limenelo ndi cabwino kuposa cithunzi coyera cimene cili ku Lusaka.

Ena akuti ndalama kulibe. Mu 2021 CDF inali K1.6 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Ndalamazi zili ndi nchito zambiri, madesiki, mijigo, mabasare, nyumba za amai oyembekezera, ndipo sitikunena kuti zonsezo ziime. Sitikunenanso kuti Chadiza igule makina yokha. Tikunena kuti makomiti a Chadiza, Vubwi, Katete ndi Sinda angathe kukhala pansi ndi a Unduna wa Zaumoyo n'kufunsa mtengo weniweni wa makina amodzi, wa kuphunzitsa owagwiritsa nchito, wa sola ndi mabatire, ndi wa dokotala wowerenga zithunzi ali kutali kudzera pa intaneti. Mwina akaonkhetsa adzapeza kuti nthawi yake siinakwane. Akatero atiuze ndi manambala, ndipo tidzawawerenga pamphepo. Coipa ndi kusafunsa n'komwe. Safunsa anadya phula.

Ocita kafukufuku nawonso tili nawo mau. Makina amenewa nthawi zambiri amafika mu Africa ndi ndalama za kafukufuku. Tikuyamikira, cifukwa popanda iwo sitikanadziwa za ubongo wotupa uja. Koma ngati mudzabwera kuno kudzajambula ana athu, tiuzeni poyamba, pamaso pa mafumu ndi makomiti a zaumoyo, kuti makinawo adzakhala a ndani kafukufuku akadzatha, adzawakonza ndani, ndipo wodwala amene sali m'kaundula wanu adzaloledwa kujambulidwa kapena ai.

Zimenezo zingatenge zaka. Za kabokosi zingathe sabata ino. Ife a nyumba za wailesi tisiye kulandira ndalama za wopima thupi aliyense amene alibe cikalata ca Health Professions Council of Zambia, ndi wogulitsa mankhwala aliyense amene mabotolo ake sanabvomerezedwe ndi ZAMRA. Jenereta ikazima izime. Aphunzitsi aakulu ndi akulu a mipingo asiye kubwereketsa makalasi ndi machalichi, cifukwa munthu akapimidwa pansi pa mtanda amaganiza kuti abusa abvomereza. Tikupempha a Mfumu Mlolo, a Mfumu Mwangala ndi a Mfumu Zingalume, pamodzi ndi manduna awo ndi mafumu a midzi, kuti mlendo wobwera ndi laputopu afunsidwe mapepala asanayale tebulo, monga m'mene amafunsidwira wobwera kudzagula ng'ombe. Ndipo m'banja lililonse, wina akabwera kunyumba ndi pepala lonena kuti asiye mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV, pepalalo lipite kaye kukiliniki, mapilitsi apitirire.

Azakhali aja tinawacezera Sabata lapitali. Mabotolo awiri akali pawindo, osatsegula. Anatifunsa ngati angawabweze kuti apezeko ya feteleza. Tinalibe cowayankha. Misika ikadzatsegulidwanso anyamata aja adzabwera, mwina ndi khoti lina ndi dzina lina. Popita kumsika tsiku limenelo, tengani singano m'thumba.